Momwe mungagulire ndi kusunga suti m'kutentha kwa ku Mangochi

Ukwati wa mu Okutobala kuno ku Mangochi umaulula zambiri. Pofika nthawi ya perekaniperekani, abambo ena amakhala atavula kale jekete, malaya ali chonyowa ngati agwera mu Shire. Timanamizira dzuwa, koma nthawi zambiri mlandu umakhala wa suti yomwe tinagula.

Yambani ndi nsalu. Pisani m'thumba lamkati la jekete, muwerenge kansalu kolembedwa komwe amasokerera mmenemo. Pakalembedwa polyester yokhayokha, dziwani kuti mpweya sudutsa, mudzakhala ngati mwavala jumbo. Funani wulu wopepuka kapena wosakaniza ndi thonje. Linen imapititsa mphepo bwino, kungoti imachita makwinya mukangokwera kabaza kuchoka ku Mpondasi kupita pa Boma. Suti zambiri za pakaunjika zinasokedwera kuzizira kwa ku Ulaya, choncho zolemera zija zisiyeni. Zingakuthandizeni mu Juni ndi Julayi mokha, mwera ukamawomba. Ngati ndalama ikukwana imodzi, tengani yabuluu woderapo kapena yotuwa. Imeneyi mupita nayo ku ukwati, ku ndowa (ukwati wa Chisilamu), kutchalitchi ngakhale kofunsira ntchito. Yakuda bii imakoka dzuwa, ndipo fumbi silibisika.

Mukamagula pakaunjika, musachite manyazi kutuluka nayo panja powala. Yang'anani m'khwapa ndi pakolala, ndiye pomwe thukuta la mwini wake woyamba limasiya chizindikiro. Ikwezeni kudzuwa kuti tibowo ta njenjete tioneke. Kenako gundanitsani jekete ndi buluku: ogulitsa ena amaphatikiza ziwiri zosiyana, ndipo mumthunzi wa shedi simungazindikire.

Manambala asakusokonezeni. 38, 40 kapena 42 ndi mainchesi a pachifuwa. Zochokera ku mayiko monga Italy ndi Germany zimalembedwa 48, 50, 52. Chotsani 10, ndiye kuti 50 ndi 40 yathu ija. Chilembo S ndi cha aafupi, R apakatikati, L aatali.

Tsopano kuyesa, ndipo apa musapupulume. Chachikulu ndi mapewa. Msoko wa paphewa uthere pomwe phewa lanu lathera. Ukalendewera, kapena ukakukanikizani, ibwezeni ngakhale mtengo ukome bwanji, chifukwa kukonza mapewa ndi kuphwasula jekete yonse, ndipo si telala aliyense angaibwezere mwakale. Mangani batani lapamwamba (lapansi silimangidwa, ngakhale ambiri timatero pazithunzi). Chikhatho chilowe pakati pa chifuwa ndi jekete mosavuta. Nsalu ikakokeka pabatani, yachepa. Kumbuyo ivindikire matako, ndipo mikono ithere pamfundo ya dzanja kuti malaya azisuzumira pang'ono, pafupifupi sentimita imodzi.

Zotsalazo ndi za telala: kufupikitsa mikono, kubweza m'chiuno, kupinda miyendo ya buluku. Pitani kukadali masabata awiri, osati Lachisanu ukwati uli Loweruka, atelala ali kalikiliki ndi madiresi a operekeza akwati. Nyamulani nsapato zomwe mudzavale, buluku ayezere pamenepo, lingokhudza nsapato osakwawa pansi. Muwauze kuti, "Apinde mkati, asadule," kuti mukadzanenepa kapena kupatsa mng'ono wanu padzakhale potambasula.

Posita, musagunditse simbi pansalu. Yalani kansalu koyera konyowa pang'ono pamwamba, muzidinda, osakhwekhwereza. Mukapanda kutero suti imayamba kunyezimira, ndipo kunyezimira kumeneko sikuchoka. Magetsi akazima n'kugwira simbi ya makala, ikupizeni kaye kutali. Kakhala kamoto kamodzi kokha kamaboola buluku.

Mukabwera kumwambo, musaiponye m'sutikesi. Tulutsani zonse m'matumba, ikutumuleni fumbi ndi bulashi yofewa, muikoleke pamthunzi podutsa mphepo mpaka thukuta liume. Hang'ala ikhale yokhuthala, yamtengo. Yawaya imasiya nyanga m'mapewa. Jekete musaiviike m'beseni ndi sopo, zamkati zimakhwinyata osabwereranso. Kadontho ka msuzi wa chambo kapukuteni msanga ndi kansalu konyowa, ndipo ikada kwenikweni ipite ku dry cleaner.

Mdani wamkulu kuno kunyanja ndi chinyontho cha dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi. Suti yotsekeredwa m'pulasitiki imachita nkhungu n'kuyamba fungo losatha. Ivindikireni ndi nsalu ya thonje, ngakhale chitenje chakale chochapa bwino, ndipo isatsamire khoma. Timipira toyera tothamangitsa njenjete ndi mphemvu timathandiza, koma timangeni m'kansalu pakona ya wadirobu, kutali ndi ana, poti ndi poizoni. Kamodzi pamwezi, tsiku lomwe kwacha bwino, itulutseni pakhonde ipitidwe mphepo kwa maola awiri kapena atatu, muibwezere dzuwa lisanapendeke.