Momwe mungachotsere penti wolembedwa pakhoma popanda kuwononga khomalo

Zolembalemba za penti wopopera pampanda kapena pachitseko cha shopu zimachoka mosavuta zikadali zatsopano. Pakapita masiku awiri penti amakhala atagwiriratu, ndipo dzuwa likamawomba pakhomapo amalimbirako. Komabe musangotola thina n'kuyamba kupaka. Yambani mwaona kuti khomalo ndi lotani, chifukwa mankhwala oyeretsa chitsulo, mukawathira panjerwa, amasungunula penti n'kumulowetsa mkati.

Mufunika burashi ya nayiloni, nsanza zoyera zambiri, magalasi oteteza maso, magolovesi osalowa mankhwala ndi mankhwala ochotsera penti okhuthala ngati phala. Werengani pachitini: ngati m'mankhwalawo muli chinthu chotchedwa dichloromethane asiyeni, mpweya wake wapha anthu m'zipinda zotseka. Fodya ndi mbaula zikhale kutali. Musanagwire khoma lonse, yesani kaye pakamalo kobisika ka masentimita 10 mbali zonse, mudikire paume, muone ngati mtundu wasintha.

Ntchito yovuta ili panjerwa ndi konkire zosapaka penti, chifukwa zimamwa. Pakani mankhwala pakhoma louma, kuyambira pansi kukwera m'mwamba kuti zoyenderera zisasiye mizere. Dikirani mphindi 15 mpaka 20, koma asaume. Kukatentha phimbani ndi pulasitiki, kapena gwirani ntchitoyi m'mamawa. Penti akayamba kufewa, kwechani mozungulira ndi burashi ija, kenako tsukani kuchokera pamwamba kutsika. Madzi otentha amathandiza kwambiri kuposa ozizira. Kubwereza kawiri kapena katatu n'kwachizolowezi, sikuti mwalephera.

Ngati muli ndi makina opopera madzi mwamphamvu, ikani kamwa yomwaza madzi ya madigiri 25 kapena 40, muime masentimita 30 kuchokera pakhoma, muyambe ndi mphamvu yochepa. Kamwa yofiira ya madigiri 0 imaboola njerwa, ndipo zilembo zija zimatsala zitagobeka pakhoma mpaka kalekale. Njerwa zathu zowotcha pauvuni n'zofewa, ndipo mipanda yambiri anaimanga ndi dothi m'malo mwa simenti. Pampanda wotere makinawa asiyeni, ndowa ndi burashi zikwanira. Burashi ya waya nayonso ayi: imakanda njerwa n'kusiya tizitsulo timene timadzachita dzimbiri mvula ikagwa. Asidi wotsukira simenti sachotsa penti, amangodya simenti yapakati pa njerwa.

Nthawi zambiri pamatsala chithunzithunzi cha zilembo, makamaka ngati penti anali wofiira kapena wakuda. Sakanizani dongo loyera losefa bwino ndi mankhwala osungunula penti mpaka zikhale ngati matope omatira, matani pamalopo mokhuthala pafupifupi sentimita imodzi, phimbani ndi pulasitiki, musiye usiku wonse. Mawa lake chotsani pulasitiki kuti dongo liume. Likamauma limakoka utoto m'timabowo ta njerwa. Paleni ndi chipande chamtengo, mutsuke.

Khoma lopaka kale penti musalimbane nalo, chifukwa chilichonse chosungunula zolembazo chisungunulanso penti wa pansi. Litsukeni, liume, mupake andakoti (penti woyambira) yamafuta pazilembozo, kenako penti kawiri. Mukalumpha andakoti, utoto wa chekapeni ndi wa penti wofiira umabwereranso pamwamba pa penti wamadzi wa PVA, ngakhale mutapaka kangati. Pakani chigawo chonse kufika pakona. Chigamba chapakati chimaonekera patali ndipo chimakopa wolemba wina.

Chitsulo chosapaka penti, matailosi ndi galasi sizichedwa. Nyowetsani nsanza ndi thina pang'ono, pukutani kuchokera m'mphepete kulowa pakati, muzisintha nsanza ikangoda. Pagalasi thirani madzi a sopo n'kupala ndi lezala latsopano mopendeketsa. Samalani ndi zikwangwani za pulasitiki, chifukwa thina ndi acetone zimazichititsa mbuu mpaka kung'aluka, yesani sipiliti. Soda wa caustic amadetsa aluminiyamu.

Madzi otsukira asathamangire m'ngalande kapena kuchitsime: tchingani ndi mchenga kapena utuchi, muwole zikauma. Pakhoma limene amalembapo kawirikawiri, monga la m'mbali mwa msewu nthawi ya kampeni, pakani mankhwala otetezera a sera likauma bwino. Akadzalembanso, madzi otentha amachotsa sera ndi penti pamodzi, ndipo malo otsukidwawo muyenera kuwapakanso sera.