Seva ikamakwawa: momwe mungapezere gulu la ntchito lomwe likudya purosesa, RAM ndi disiki

Maofesi ambiri kuno ku Chikwawa ndi Nsanje ali ndi seva imodzi yokha, ndipo bokosi limodzilo ndilo limasenza zonse: deta ya kaundula, masamba omwe ogwira ntchito amatsegula, mafayilo ogawana, ndi kukopera zosunga usiku. Ikayamba kukwawa, lamulo la top limangokuonetsani mapulogalamu ambirimbiri akudumphadumpha. Zili ngati nyumba za lendi zogwiritsa mita imodzi ya magetsi: bilu ikakwera aliyense amaloza mnzake. Mankhwala ake ndi kuika ntchitozo m'magulu, gulu lililonse ndi mita yake. Linux ali nazo kale mitazi, amazitcha cgroup, ndipo simulipira kalikonse.

Zomwe zili apa n'za Ubuntu 22.04, koma Debian 11 kupita m'tsogolo n'chimodzimodzi. Yambani ndi kutsimikiza mtundu wa cgroup:

stat -fc %T /sys/fs/cgroup

Ikayankha cgroup2fs muli pabwino. Ikayankha tmpfs ndiye kuti makina anu akadali pa mtundu wakale, ndipo mafayilo ambiri omwe atchulidwe m'munsimu simuwapeza.

Magulu atatu amakwana: deta, masamba, zosunga. Lililonse limafuna fayilo yake mu /etc/systemd/system. Ya deta, pa seva ya RAM ya 16 GB, itchuleni deta.slice ndipo mulembemo izi:

[Slice]
CPUWeight=300
IOAccounting=yes
MemoryAccounting=yes

Malire a RAM musaikemo kaye, chifukwa chake chikubwera. CPUWeight imayambira pa 100, choncho 300 ikutanthauza kuti purosesa ikapanikizika deta imalandira gawo lochuluka katatu kuposa gulu wamba; ikakhala yopuma aliyense amadya momwe akufunira. Gulu la zosunga lipatseni 50. Mzere wa IOAccounting musauiwale, chifukwa popanda iwo malo oonetsa kuwerenga ndi kulemba kwa disiki amangokhala opanda kanthu. Ndipo musaike kamzere kolumikiza m'dzina la gulu: systemd, pulogalamu yoyendetsa ntchito za pa seva, akaona deta-yaikulu.slice amaiona ngati mwana wa deta.slice.

Kenako lowetsani pulogalamu m'gulu lake ndi systemctl edit, n'kulemba Slice=deta.slice pansi pa [Service]. Chenjerani ndi PostgreSQL, pulogalamu yosunga deta, pa Ubuntu. Dzina loti postgresql.service n'chivindikiro chabe, ntchito yeniyeni ili pa postgresql@14-main.service, ndipo mukasintha chivindikirocho gulu lanu lizionetsa ziro tsiku lonse. Mukatha, systemctl daemon-reload, n'kuyambitsanso pulogalamuyo anthu ataweruka. Amene mumagwiritsa Docker onjezani --cgroup-parent=masamba.slice poyambitsa kontena.

Tsopano lembani systemd-cgtop. Gulu lililonse lili ndi mzere wake. Pa purosesa, 100% ndi kowa imodzi (chigawo chimodzi cha purosesa) yodzaza, osati makina onse, ndiye pa seva ya makowa 8 gulu loonetsa 250% silinafike n'theka lomwe.

Pa RAM ndi pomwe anthu amagwa, ndipo amagwa ali ndi nambala yooneka yolondola m'manja. Nambala yomwe cgtop amaonetsa imachokera mu fayilo ya memory.current, ndipo imaphatikiza zinthu ziwiri zosiyana: RAM yomwe pulogalamu yagwiradi, ndi makope a mafayilo omwe Linux wasunga mu RAM kuti asamavutike kubwerera ku disiki. Makopewo amatayidwa msanga wina akafuna malo. Ndiye gulu la zosunga likamaliza kukopera 40 GB usiku, m'mawa limaoneka ngati lameza RAM yonse. Munthu amaona 14 GB, mtima phaa, n'kulemba kalata yopempha ndalama zogulira RAM ina pomwe palibe chosowa.

Kulakwitsa kwachiwiri ndiko koopsa. Wina akamva kuti makopewo amatayika, amatsegula memory.stat, n'kuona anon (RAM yomwe pulogalamu yagwira) ili 1.5 GB ndipo file (makope a mafayilo) ili 6 GB, n'kuganiza kuti deta imangofuna 2 GB. Amaika denga la RAM ya gululo, MemoryMax=3G. Koma PostgreSQL amasunga shared_buffers ake (malo osungiramo deta yomwe akugwiritsa ntchito) mu RAM yogawana, yomwe imalembedwa pa mzere wa shmem, ndipo shmem imawerengedwera mkati mwa file ngakhale singatayidwe ngati makope ena aja. Ngati shared_buffers ndi 4 GB, malire a 3 GB ndi msampha. Masiku oyamba zonse zimayenda, chifukwa RAM yogawanayo imadzaza pang'onopang'ono. Kumapeto kwa mwezi aliyense akamatulutsa malipoti nthawi imodzi, gulu limagunda denga, kenelo (mtima wa Linux) n'kupha pulogalamu imodzi ya m'gululo, ndipo PostgreSQL amadula aliyense n'kuyambiranso. Ku ofesi anthu amangoti netiweki yagwa, n'kuyamba kugwedeza rauta.

Choncho werengani motere:

grep -E "^(anon|file|shmem|slab) " /sys/fs/cgroup/deta.slice/memory.stat

Phatikizani anon ndi shmem, ndiyo RAM yomwe gulu silingabweze. Manambala ali m'mabaiti. Ilembeni nthawi zingapo patsiku kwa masabata anayi kuti kumapeto kwa mwezi kulowemo, mutenge yaikulu pa zonse. Mukatero ikani MemoryHigh pamwamba pake posiya mpata wa makope a mafayilo, chifukwa deta yopanda makopewo imangokhalira ku disiki. MemoryHigh sapha, amangofinya gulu n'kulichedwetsa. MemoryMax ndiye amapha, ndipo ayenera kukhala patali, mwachitsanzo High pa 9G ndi Max pa 11G. Kunena zoona, pa gulu la deta MemoryMax mutha kungomusiya. Amene akufunika chingwe ndi gulu la zosunga ndi la masamba. Umboni wa imfa umakhala mu memory.events pa mzere wa oom_kill. Ukapitirira 0, china chake chinaphedwa, ndipo journalctl -k akuuzani chomwe chinali ndi nthawi yake.

Kudzaza kwa RAM pakokha sikunena zambiri. Chomwe mukufuna kudziwa ndi ngati mapulogalamu akudikira, ndipo kuyambira pa kenelo 4.20 Linux amayeza kudikirako. Mu foda ya gulu lililonse muli cpu.pressure, memory.pressure ndi io.pressure. Mzere wa some umanena gawo la nthawi lomwe pulogalamu imodzi kapena zingapo zinaima kudikira, wa full umanena nthawi yomwe zonse zinaima, pa masekondi 10, 60 ndi 300. Gulu lodzaza RAM koma memory.pressure ili 0.00 lisiyeni. Gulu lomwe full avg60 ikukhala pamwamba pa 5 masana onse likuvutika, ngakhale manambala ena akuoneka bwino. Kawirikawiri mupeza kuti ndi io.pressure ya deta yomwe yakwera pa nthawi yomwe zosunga zikukopera. Izi zimachitika magetsi akathima usiku, ntchito yokoperayo n'kudzayamba m'mawa seva ikayaka, anthu akulowa mu ofesi. Ikani IOWeight=20 pa zosunga kuti zizipatsa mpata magulu ena pa disiki, kapena IOReadBandwidthMax (malire a liwiro lowerengera disiki) ngati kulemerako sikukusintha kanthu pa disiki yanu.

Purosesa kuno ili ndi mdani wina yemwe cgroup samuona. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha ku Ngabu, Bangula ndi Nsanje kumadutsa madigiri 40, ndipo purosesa ikatentha kwambiri imadzichepetsa liwiro yokha. Ntchito yomweyo imayamba kuoneka ngati ikudya purosesa yambiri, inu n'kumafufuza pulogalamu yolakwa pomwe cholakwa ndi chipinda. Ikani lm-sensors yoonera kutentha, ndipo pa purosesa za Intel onani nambala ya mu /sys/devices/system/cpu/cpu0/thermal_throttle/core_throttle_count. Ikamakwera masana, tsegulani bokosi mupemerere fumbi. Cha ku Nchalo nthawi yodula nzimbe phulusa limalowa paliponse. Kutentha komweko kumadya mabatire a UPS: opangidwira madigiri 25 amataya pafupifupi theka la moyo wake pa madigiri 10 aliwonse owonjezera, ndiye zaka zolembedwa pa katoni musazikhulupirire.

Malo a pa disiki sayezedwa ndi cgroup. Njira yachidule ndi kupatsa gulu lililonse gawo lakelake la disiki, kuti df -h azikuonetsani mwachindunji. Onaninso df -i, chifukwa timafayilo ting'onoting'ono tambirimbiri timatha kutseka disiki yomwe ikuonetsa malo. Mukafufuta fayilo yaikulu koma malo osabwerera, lsof +L1 akuonetsani pulogalamu yomwe yaigwirabe. Zolemba za journald, yemwe amasunga mbiri ya zochitika pa seva, zichepetseni ndi journalctl --vacuum-size=500M.

Za kugula disiki: chichokereni kutsika kwa kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 mitengo ya zipangizo inalumpha, ndipo ena amagulitsa madisiki ochotsedwa m'maseva akale atawakulunga mu pulasitiki yatsopano. Musatsike nayo phiri la Thabwa musanaiyese. Ilumikizeni pa laputopu pomwepo, smartctl -a, muone Power_On_Hours. Yatsopano imaonetsa maola ochepa kwambiri. Ngati Reallocated_Sector_Ct kapena Current_Pending_Sector, zomwe zimawerenga malo oonongeka a disiki, sizili pa 0, ibwezeni ngakhale akuchotsereni mtengo.

Chotsala ndi kusunga mbiri, chifukwa cgtop amangoonetsa za pompano. Ikani node_exporter pa seva kuti azitulutsa manambala a makina onse, amamvera pa poti 9100, ndi cAdvisor pa 8080 kuti magulu aoneke ndi mayina awo, monga id="/deta.slice". Prometheus, wosonkhanitsa manambalawo, ndi Grafana, wowajambula, akhale pa makina ena, laputopu yakale yokhala ndi batire ndiyo yabwino chifukwa imakhalabe moyo seva ikathima. Ngati seva ili ku Nsanje inu muli ku Chikwawa, funsani manambala kamodzi pa masekondi 60 kuti bandulo isathe msanga. Prometheus amasunga masiku 15 okha mukapanda kusintha, kwezani afike 45 kuti muzitha kufananiza kumapeto kwa miyezi iwiri. Pa RAM jambulani container_memory_working_set_bytes, osati container_memory_usage_bytes yomwe imaphatikiza makope onse a mafayilo aja. Machenjezo atatu akukwanira: oom_kill yakwera, seva yasiya kuyankha kwa mphindi 5, ndi ili la disiki lomwe limalira kukatsala masiku anayi kuti idzaze:

predict_linear(node_filesystem_avail_bytes[6h], 4*86400) < 0

Atumizeni ku Telegram kudzera pa Alertmanager, pulogalamu yotumiza machenjezo a Prometheus. Ikaninso chrony, wokonza nthawi, pa makina onse awiri, ndipo kabatire ka CR2032 ka pa bolodi kakafooka kasintheni, apo ayi seva izidzuka ndi deti lolakwika magetsi akabwera.