Zolembedwa pa paketi ndi zimene timathira tokha mumphika

Pamisonkhano yambiri ya kadyedwe koyenera imene timachita ndi amayi a ku Chawama, ku Kanyama ndi ku Mtendere mumzinda wa Lusaka, sipalephera kupezeka wina wofunsa ngati mankhwala amene mafakitale amathira m'zakudya ndi amene akuchulukitsa matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Funsoli ndi lomveka, koma kuti tiliyankhe bwino tiyenera kusiyanitsa, chifukwa si chilichonse chothiridwa m'chakudya chimene chili choipa.

Zina zimathiridwa mwalamulo pofuna kutiteteza. Kuyambira mu 1998, shuga wogulitsidwa kuti adyedwe panyumba muno mu Zambia amayenera kukhala ndi vitamini A, amene amathandiza maso ndi chitetezo cha thupi. Mcherenso umayenera kukhala ndi ayodini, amene amateteza kutupa kwa chithokomiro ndi kuthandiza ubongo wa mwana kukula bwino akadali m'mimba. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi timapulasitiki ta shuga ndi mchere timene timalendewera pakantemba dzuwa lonse likuswa, popeza vitamini A amaonongeka ndi kuwala, ndipo ayodini amachepa mchere ukakhalitsa poyera, pachinyontho kapena potentha. Ngati ndalama sikukwana paketi yathunthu, sonkhani ndi mnansi wanu, mugule yomata ya kufakitale, mugawane, ndipo aliyense asunge gawo lake m'chitini chotseka, kutali ndi mbaula. Izi sizikutanthauza kuti tizichulutsa shuga mu tiyi pofuna vitamini A, chifukwa maungu, mapapaya, mango ndi mbatata zofiira mkati zili naye wambiri.

Mukagula chakudya cha m'paketi, tembenuzani muwerenge kumbuyo. Zinthu zimalembedwa motsatira kuchuluka kwake, kotero kuti ngati shuga ali koyambirira pa botolo la chakumwa, ndiye kuti mwana wanu akumwa madzi a shuga opakidwa mtundu, ngakhale pabotolopo pajambulidwe lalanje. Tartrazine, amene amalembedwanso kuti E102, ndi utoto wachikasu. Sodium benzoate kapena E211 amaletsa chakumwa kusasa. Sodium nitrite kapena E250 amasunga poloni ndi masoseji kuti zisaole msanga. Zonsezi zimaloledwa pamlingo wochepa, koma mwana amene tsiku lililonse amanyamula poloni ndi timapaketi tokhwasula khwasula popita kusukulu amakhuta zinthu zopanda chakudya chenicheni. Mu 2015, nthambi ya bungwe la World Health Organization yofufuza za khansa inaika nyama zokonzedwa motere pagulu la zinthu zimene zimayambitsa khansa ya m'matumbo, choncho zikhale za mwa apo ndi apo.

Koma kunena zoona, zambiri zimene zimatipweteka timathira ndi manja athu. Soda amene timaponya m'therere kapena m'chibwabwa kuti zifewe msanga ndi kuoneka zobiriwira amapha vitamini C ndi mavitamini ena a gulu la B, ndipo zimandiwawa kuona mayi atasadzula bwino masamba amene wagula ndi ndalama yovuta ku Soweto Market, kenako n'kuwaphika ndi soda mpaka kuphwetekera. Dulani masamba mutawatsuka kale, muwaike m'madzi ochepa owira, muvundikire, ndipo muphule akadali obiriwira. Timakyubu tokometsera ndiwo timakhala ndi mchere wochuluka, pamene munthu wamkulu sayenera kufika pa magalamu 5 a mchere pa tsiku, umene ndi pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi umene uli kale m'buledi ndi m'nsomba zouma. Mukathira kakyubu, musathirenso mchere.

Nsinjiro, tomato ndi anyezi zimakometsa ndiwo popanda zonsezi, ndipo kapenta wa ku Siavonga kapena ku Mpulungu, popeza timadya ndi minga yomwe, amalimbitsa mafupa. Ufa wa rola umasunga mbali ina ya gaga ndi mtima wa chimanga zimene zimachotsedwa mu ufa woyera wa bulekifasiti, ndiye pophikira mwana phala sankhani rola, muthiremo supuni ya nsinjiro kapena kapenta wosinja.