Kakonzedwe ka Ford Mustang yakale ya denga lopinda: ntchito iyambire pansi

Munthu amene wapeza galimoto yakale ya ku America ya denga lopinda, kaya waigula kwa mwini wake amene anaiimika zaka zambiri kuseri kwa nyumba, kaya waiitanitsa ku Johannesburg n'kulowa nayo pa chipata cha Dedza, mtima wake umathamangira ku penti ndi ku kulira kwa injini. Ine ndikulangiza kuti ziwirizi ziyambe zadikira. Nditenga chitsanzo cha Ford Mustang ya 1965 ndi 1966, mtundu umene unaonetsedwa koyamba ku New York pa 17 Epulo 1964, chifukwa ndi umene ndaugwirapo ndi manja anga kuno ku Dedza.

Musanamasule bawuti ngakhale imodzi, werengani nambala ya galimotoyo ndipo muifananitse ndi imene ili pa mapepala a msonkho a MRA ndi pa buluu buku. Nambala za galimoto za masiku ano zili ndi zilembo 17, koma dongosolo limeneli linayamba mu 1981, kotero kuti ya Mustang ya zaka zimenezi ili ndi zilembo 11 zokha, zodindidwa pa chitsulo cha m'mbali mwa injini, mbali ya chiwongolero, imene pa galimoto zimenezi ndi kumanzere. Chilembo choyamba ndi chaka, chachiwiri ndi fakitale, monga F wa Dearborn kapena R wa San Jose, ndipo ziwiri zotsatira zimanena mtundu wa bode: 08 ndi ya denga lopinda, pamene 07 ndi ya denga lachitsulo. Mukapeza 07 pa galimoto yopanda denga, dziwani kuti wina anachita kuidula, ndipo galimoto yotero ilibe zitsulo zolimbitsira zimene fakitale inkawonjezera pansi. Chilembo chachisanu chimatchula injini, T kutanthauza ya masilinda 6 ndipo C, A kapena K kutanthauza ya masilinda 8 (V8) yotchedwa 289. Kachitsulo ka pa chitseko, kamene kalinso ndi nambalayi, musakadalire kokha, popeza zitseko zimasinthidwa.

Mustang ilibe tchesi yapayokha ngati ya lole, chifukwa bode ndi tchesi ndi chinthu chimodzi. Pa galimoto ya denga lachitsulo, dengalo limathandiza kugwira kutsogolo ndi kumbuyo kuti zisapatukane, koma ya denga lopinda mphamvu yake yonse ili pansi, m'zitsulo zazitali zodutsa kunsi kwa zitseko ndi m'mabokosi achitsulo a m'makona. Apa ndi pamene dzimbiri limaphera galimoto zimenezi, ndipo ndi pamene ndalama zanu zoyamba ziyenera kupita. Tsekani zitseko galimoto ili pa simenti yosapendekeka, muyang'ane mpata wa pakati pa chitseko ndi bode, kenaka muikweze ndi jeke mbali imodzi n'kuyang'ananso. Mpata ukasintha, kapena chitseko chikayamba kukana kutseguka, ndiye kuti pansi padyeka.

Zikakhala choncho, musalole kuti mmisiri adule kalikonse asanawotcherere zitsulo zochirikiza, chimodzi chopingasa pa khomo lililonse ndipo ziwiri zodutsana m'kati mwa galimoto. Adule mbali imodzi, aimalize, ndipo pokhapo apite ku inayo. Ndinaonapo galimoto yotere mmisiri atachotsa pansi ponse tsiku limodzi popanda zochirikiza. M'mawa mwake inali itagonja pakati ngati bedi lothyoka mtanda, ndipo nsonga za zitseko zinali zitaluma bode mpaka penti kusupuka. Kuiwongola kunatenga nthawi yaitali kuposa ntchito imene inayambidwayo, ndipo mpaka pano zimandipweteka ndikakumbukira.

Funsaninso kumene madzi amene anadya pansiwo ankachokera. Pa Mustang gwero lake nthawi zambiri ndi timipata tolowera mpweya ta patsogolo pa galasi lalikulu, momwe masamba amaunjikana n'kutseka njira ya madzi, ndipo kuno tili ndi masamba a paini osongoka amene amalowa paliponse. Gonani chagada pansi pa dashibodi muli ndi tochi, mnzanu athire ndowa ya madzi pa timipatato. Akakudontherani, konzani pamenepo poyamba, apo ayi chitsulo chatsopano chidzawolanso mvula ziwiri zisanathe. Pofufuza pamene anabisapo dzimbiri ndi fila, phala lomatira mabowo ndi zigodi za bode, yendetsani maginito okuta m'kansalu pa bode lonse, ndipo pamene sakugwira pali fila wochindikala. Makina owotcherera mafelemu a zitseko za nyumba amaboola chitsulo chopyapyala chotere, choncho funani mmisiri wa gasi kapena wa MIG (makina owotcherera ndi waya wopyapyala) amene amawotcherera pang'onopang'ono, kudumphadumpha, kuti chitsulo chisapindike ndi kutentha. Malata a denga la nyumba asagwiritsidwe ntchito monga chigamba.

Mabawuti a galimotoyi ndi a mainchesi. Sipanala ya 13 imaoneka ngati ikukwana pa mutu wa bawuti wa theka la inchi, koma mutuwo ndi mamilimita 12.7, ndipo mukakoka mwamphamvu makona ake amatha. Gulani masipanala a mainchesi, ndipo bawuti iliyonse yochotsedwa muiike m'kathumba kolembedwa kumene yachokera, chifukwa ina yofanana nayo simudzaipeza mosavuta pa msika wa pa boma.

Pansi pakalimba, bwerani ku mabuleki. Mustang ya zaka zimenezi inatuluka ndi pampu ya mabuleki ya chipinda chimodzi, kutanthauza kuti paipi imodzi ikaphulika, matayala onse anayi amasiya kugwira nthawi yomweyo. Aliyense amene anatsikapo msewu wochokera pa Masasa kupita ku Golomoti, ndi makhotakhota ake a pa Khwekhwelere, akudziwa chimene zimenezi zingachite. Ngakhale ndimakonda kuti galimoto yakale ikhale monga inatulukira ku fakitale, apa pokha ndimavomereza kusintha: ikani pampu ya zipinda ziwiri, yonga imene Ford inayamba kuika mu 1967, sinthani mapaipi onse, ndipo pampu yakaleyo muisunge m'katoni.

Injini imene yakhala zaka osalira isaliritsidwe ndi kiyi. Chotsani mapulagi, thirani oyilo pang'ono m'silinda iliyonse, dikirani masiku angapo, ndipo muizunguze ndi sipanala pamanja. Pobwezera mawaya a mapulagi pa 289, ndondomeko yake ndi 1-5-4-2-6-3-7-8. Petulo wa m'Malawi muno amasakanizidwa ndi ethanol, amene anayamba kupangidwa ku Dwangwa mu 1982, ndipo ethanol amafewetsa mapaipi akale a labala ndi tizipangizo ta m'kabuleta, motero zonsezi zisinthidwe ndipo thanki itsukidwe. Injiniyi inapangidwiranso petulo wa mtovu, amene anasiya kugulitsidwa m'chigawo chino cha Africa cha m'ma 2006, choncho mukatsegula mitu ya injini, ndi bwino kuikiratu mipando yolimba ya mavavu. Dedza ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mpweya ukachepa chotere kabuleta imapereka petulo wochuluka. Mukaona mapulagi akuda ndi mwaye, ichuneni kuno komwe, koma musaichepetse mopitirira, chifukwa tsiku lina mudzatsikira nayo kunyanja. Wina akakuuzani kuti muikemo injini ya dizilo ya ku Japan kuti musavutike, mukane, pakuti mtengo wa galimotoyi uli pa kugwirizana kwa injini ndi nambala ija.

Penti isapoperedwe mu Juni kapena Julaye, pamene nkhungu imakuta phiri mpaka dzuwa litakwera, chifukwa chinyezi chimaichititsa khungu ndipo pambuyo pake imatupa matuza. Dikirani Seputembala kapena Okutobala, ndipo muwaze madzi pansi kuti fumbi lisauluke.

Denga ndi lomalizira. Yambani ndi felemu yake, kuiwongola ndi kupaka girizi m'mfundo zonse, kenaka, ngati dengalo ndi loyendera magetsi, muone pampu yolikweza ndi kulitsitsa imene ili kuseri kwa mpando wakumbuyo pamodzi ndi masilinda ake awiri, ndipo musasakanize mafuta atsopano ndi akale musanadziwe mtundu wake. M'dzenje lopindiramo denga nthawi zambiri mumapezeka zisa za makoswe ndi zitsononkho, choncho yang'anani ngati mawaya sanatafunidwe. Nsalu yakale musaitaye ngakhale itang'ambika, chifukwa ndi imene telala adzayezerepo ngati simunathe kuitanitsa yosokeratu. Yatsopanoyo iyanikeni padzuwa kuti ifewe, ikokeni kuyambira pakati kupita m'mbali, ndipo mukamaliza, denga likhale lotseka kwa sabata imodzi kapena ziwiri musanalipinde koyamba.