Mukamapita kukaonana ndi aphunzitsi a mwana wa Sitandade 1

Makolo ambiri akafika pasukulu amafunsa kuti, "Kodi mwanayu akukhoza?" Aphunzitsi nawo, posafuna kukhumudwitsa munthu, amati, "Akuyesetsa, kungoti amakonda kusewera." Basi, n'kutsanzikana. Ine ndaphunzitsa makalasi a ana aang'ono mpaka kupuma ntchito, ndipo ndikuti funso limeneli lisiyeni kunyumba, pamodzi ndi lija la nambala ya pa lipoti.

Musadikire msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi (PTA). Kumeneko nkhani imakhala ya njerwa, zimbudzi ndi malipiro a mlonda, palibe angakambe za mwana wanu payekha. Pemphani nthawi ana akaweruka, makamaka pakati pa teremu yachiwiri, zinthu zikadali zotheka kukonza. Mutenge mwanayo ndi kope lake. Chiyambireni maphunziro aulere mu 1994, kalasi imodzi imatha kukhala ndi ana opitirira 100, ndiye dzina lokha silikwanira, aphunzitsi amuone nkhope.

Mu ndondomeko ya boma yophunzitsa ana kuwerenga (National Reading Programme), imene inayamba mu 2016, mwana amaphunzira liwu la lembo, kenako kulumikiza maliwu kukhala maphatikizo, maphatikizo kukhala mawu, mpaka kufika pa ziganizo ndi kankhani. Ntchito yanu ndi kupeza pamene iye waima. Nenani kuti, "Aphunzitsi, tandionetsani pomwe akukakamira." Kodi a, e, i, o, u amawazindikira mukawasakaniza? Akaona m ndi a amatha kunena ma? Nanga ma ndi no amawalumikiza kukhala mano? Ambiri amayenda bwino mpaka atakumana ndi nkhuku, mphika, nthochi ndi ng'ombe, pomwe malembo amaunjikana. Kusokoneza b ndi d pa msinkhu umenewu kusakudetseni nkhawa, nthawi zambiri kumatha.

Chimene ndimaopa kwambiri ndi kuloweza. Kalasi yonse ikamabwereza mokweza pambuyo pa aphunzitsi, mwana wochenjera amasunga tsamba lonse m'mutu ngati nyimbo ya kwaya, kunyumba n'kumaliimba, agogo n'kululutira. Pemphani aphunzitsi aphimbe chithunzi ndi dzanja, aloze mawu apakati pa tsamba, kapena alembe pabolodi mawu ena a malembo omwewo. Akawerenga, mufunseni kuti nkhaniyo ikukamba za yani. Apa ndi pamene zoona zimaonekera. Akalephera musamukalipire pamaso pa aphunzitsi, mawa lake adzaopa buku.

Inunso muli ndi zimene aphunzitsi sakuzidziwa. Auzeni ngati khutu la mwana limatuluka mafinya, ngati amatsinzinira maso poyang'ana patali, ngati anajomba masabata angapo ndi malungo, ngati sanapiteko kumkombaphala. Ngati kunyumba mumayankhula Chiyao, Chitumbuka kapena Chisena, nenani, chifukwa mwanayo akuphunzira Chichewa ndi kuwerenga nthawi imodzi. Wa vuto la maso kapena makutu mupemphereni malo kutsogolo, ndipo mupite naye kuchipatala.

Za Chingerezi musapanikize msanga. Mwana amene wagwira bwino maphatikizo a Chichewa savutika kwambiri akafika kumeneko.

Musatuluke ndi mawu akuti "muzimuthandiza kunyumba." Kumuthandiza chiyani? Aphunzitsi akulembereni kumapeto kwa kope malembo kapena maphatikizo ochepa oti agwire sabata imeneyo. Madzulo, dzuwa lisanalowe, mulembereni pansi ndi kamtengo kapena pakatoni ndi khala, kanthawi kochepa chabe, asanatope. Ngati inu kuwerenga kumakuvutani, mkulu wake wa Sitandade 5 angathe, inu muzikhala pomwepo kumvetsera ndi kumufunsa zimene wawerenga. Musananyamuke, gwirizanani tsiku lobweranso pakatha mwezi, ndipo mulilembe m'kope momwemo.