Chifukwa chake feteleza amawotcha chimanga chanthete

Mvula ikagwa mu Novembala ndi Disembala, alimi ena a m'maboma a Angónia, Tsangano ndi Macanga, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, amadandaula kuti chimanga chafota atangothira feteleza, ndipo amafulumira kuganiza kuti anagula wachinyengo. Kawirikawiri vuto silikhala pa thumba la fetelezayo ayi, koma pa malo amene waikidwa ndiponso pa kuuma kwa nthaka.

Timizu tating'ono timene timamwa madzi tili ndi maselo (tizigawo tating'onoting'ono timene timapanga chamoyo chilichonse) okutidwa ndi nembanemba yopyapyala kwambiri, imene imalola madzi kudutsa mosavuta koma imatsekereza mchere wambiri. Madzi amayenda kuchokera kumene kuli mchere wochepa kupita kumene wachuluka, ndipo kayendedwe kameneka akatswiri amati osimosisi. Nthawi zambiri mkati mwa muzu ndi mmene mumakhala mchere wambiri, choncho madzi a m'nthaka amalowa okha. Koma feteleza akasungunuka pafupi ndi muzu m'chinyezi chochepa, mchere umachuluka kunja, madzi n'kuyamba kutuluka m'maselo monga amatulukira pa nkhaka yoduladula mukaiwaza mchere. Mbewu imafota ngakhale dothi likuoneka lonyowa.

Pothira feteleza wokulitsa monga NPK 12-24-12 (wokhala ndi zakudya za mbewu zitatu: nayitrojeni, fosiforasi ndi potaziyamu), bowolani kadzenje masentimita pafupifupi 5 kuchokera pamene pali mbewu, kozama masentimita 5 kuposa mbewuyo, kenako mukwirire. Feteleza wobereketsa wa Yureya, amene ali ndi nayitrojeni wokwana 46 peresenti, amafuna chisamaliro choposa, pakuti akamasungunuka amatulutsanso mpweya wa amoniya umene umapha timizu ndi mbewu zimene zikumera. Muthireni patatha milungu 3 kapena 4 chimanga chitamera, nthaka ili ndi chinyezi, ndipo asakhudze phesi kapena kugwera pamtima pa mbewu. Kukachita ng'amba, ndi bwino kudikira mvula kusiyana ndi kuthamangira tsiku limene munakonza.

Pali mbali ina imene imaiwalika, makamaka ndi alimi a m'madambo. Chakudya cha mbewu monga nayitrojeni ndi potaziyamu sichilowa chokha ngati madzi, chifukwa selo limachikoka ndi mphamvu, ndipo mphamvuyo imapezeka pokhapokha muzu ukamapuma mpweya. M'munda mukadikha madzi, mizu imabanika, masamba n'kuchita chikasu ngakhale feteleza alimo. Kuwonjezera wina pamenepo n'kutaya ndalama chabe. Yambani mwakumba ngalande zotulutsa madzi ndi kukweza mizere, ndipo muthire feteleza madziwo akaphwera.