Galimoto yaitali si 4x4: alimi anzanga, gwadani muone pansi musanalipire

Dzinja lidakali pakati, koma ine ndapeza kale mapikapu angapo atatitimira m'misewu ya dera limene ndimayendera kuno ku Kasungu. Onse ndi a alimi athu omwe. Onse anagulidwa ndalama za fodya ndi soya zitangotuluka, onse ndi onyezimira, aatali, a zitseko zinayi. Ndikaimika njinga yanga n'kufunsa mwini wake kuti bwanji simukuika folo (giya yokoka ndi matayala onse anayi), yankho limakhala lomwelomwelo: "Alangizi, imeneyitu ndi folo kale, onani kutalika kwake." Ndikagwada m'matopemo n'kusuzumira pansi, kutsogolo kulibe difu (chitsulo chogawa mphamvu ya injini ku matayala awiri), kulibe shafuti yopita ku matayala akutsogolo. Galimoto ikukoka ndi matayala awiri akumbuyo basi. Munthu analipira ndalama za dzinja lonse akuganiza kuti wagula 4x4, chonsecho wagula 4x2 yokwezedwa.

Nkhani imeneyi yandipweteka mtima chaka chino, n'chifukwa chake lero sindilankhula za ntchemberezandonda kapena za mizere.

Makampani opanga magalimotowa sananamize munthu. Thupi limodzi amalipanga m'njira zingapo. Pa Toyota Hilux pali mtundu umene amautcha Raised Body, pa Ford Ranger pali Hi-Rider, pa Isuzu D-Max pali Hi-Ride. Onsewa anakwezedwa kuti aime motalika ngati anzawo a 4x4, matayala ndi aakulu chimodzimodzi, ukaziimika pamodzi sungazisiyanitse uli patali. Koma pa mapepala pake panalembedwa poyera kuti 4x2. Vuto ndi lathu, sitiwerenga mapepalawo. Ena mwakhulupirira sitika yolembedwa 4x4 imene yamatidwa kumbuyo, pamene sitika yotero ngakhale mwana akhoza kuigula pa msika n'kuimata pa ngolo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chimene chimatipusitsa kwambiri ndi nyengo yogulira. Ndalama za ku okushoni ku Chinkhoma kapena ku Kanengo zimalowa m'thumba kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, nthawi imene msewu uliwonse ndi wouma gwaa. Mumaiyesa galimoto pa tala ku Lilongwe, n'kubwera nayo kumudzi pa M1, n'kukhota kulowa msewu wafumbi, iyo ikungouluka. Mudzi wonse ukusonkhana, amayi akululutira. Mwezi wa Ogasiti ngakhale kagalimoto kakang'ono ka m'tauni kamafika pakhomo panu. Koma pikapu ya mlimi ntchito yake yeniyeni ili mu Januwale ndi Febuluwale, pamene feteleza wobereketsa akufunika kumunda, pamene mayi wapakati akufunika kufika kuchipatala usiku, pamene kalavati yakokoloka ndipo muyenera kudutsa m'mbali mwa dambo. Galimoto tikugulira chilimwe pamene tikaigwiritsa ntchito dzinja.

Zimandidabwitsa, chifukwa alimi omwewa pogula ng'ombe yapangolo sapusitsika. Mumaitsekula pakamwa kuona mano, mumaigwira linunda, mumaiyendetsa kuti muone ngati ikutsimphina, mumafunsa ngati inakokapo. Koma pa galimoto ya mamiliyoni ambirimbiri mukungoyang'ana penti, wailesi ndi mipando, n'kufunsa ngati galasi limatsika lokha. Kodi galasi limakoka?

Tiyeni tione chimene chimachitika m'matope. Difu wamba inapangidwa kuti pokhota tayala lakunja lizizungulira mofulumira kuposa lam'kati. Pa tala zimenezi ndi zabwino. Koma tayala limodzi likalowa m'dothi la makande lonyowa, lija loterera ngati sopo, mphamvu imathawira ku tayala lomwelo limene likuterereka. Limazungulira n'kumafumbula matope, lina lija limene lili pouma langoti duu. Pa 4x2 nkhani yathera pomwepo. Komanso injini yolemera ili kutsogolo, pamwamba pa matayala amene sakoka, ndiye akumbuyo aja akukankha mphuno yolemera imene yazika kale m'dothi. Woyendetsa akaona choncho amaponda mafuta kwambiri, tayala limakumba dzenje, difu imakhala pansi, ndipo kutalika kuja mumakunyadira kwatha. Kenako mumamva fungo lija la klatchi ikupsa.

Klatchi ya magalimoto amakonowa si yotchipa, ndipo makaniko wapansi pa mtengo sakhala nayo. Muyenera kuitanitsa ku Lilongwe kapena ku Blantyre, galimoto ili chiimire pakhomo, nkhuku zikugona pansi pake. Onjezanipo ndalama ya anyamata okankha, amene amadziwa bwino lomwe kuti mulibe kothawira, ndiye mtengo amatchula okha. Onjezanipo thirakitala yobwereka ndi dizilo wake. Ena amamanga chingwe pa bampa kapena pa chitsulo chilichonse chimene achiona pansi, thirakitala ikati ikoke, bampa yathothoka, mwina chitsulo cha chiwongolero chapindika, ndipo kuyambira tsiku limenelo matayala akutsogolo amadyeka mbali imodzi. Zonsezi ndi ndalama zotuluka m'mwezi umene m'nyumba mulibe chogulitsa.

Koma chimene chimandiwawa ine monga mlangizi ndi cha kumunda. Bambo wina wa m'dera langa, mlimi wakhama ndithu, amene chimanga chake ndakhala ndikutengerako anthu kukaphunzira, anagula pikapu yotereyi chaka chatha. Tsiku lina mu Januwale ananyamuka m'mawa kukatenga matumba a UREA ku trading centre. Pobwerera mvula inamupeza, ndipo pa dambo lina limene aliyense kuno amalidziwa galimoto inakhala pansi. Ndinawapeza madzulo, nsapato atazivula, buluku atalipinda mpaka m'mawondo, matope mpaka m'tsitsi. Anali atathyola nthambi za mitengo n'kuzilowetsa pansi pa matayala, koma zonse zinali zitamezedwa. Tenti inali yaing'ono, ndiye matumba a m'mbali ananyowa. Ndinawapatsa moni, iwo anangopukusa mutu n'kunena kuti, "Alangizi, ngolo yanga ija ndinaigulitsa kuti ndikwanitse kugula ichi. Ng'ombe zanga pano zikadadutsa zikubzikula."

Galimoto inagona pomwepo masiku awiri, mnyamata wawo akuilondera. Feteleza anamututa pa njinga zakabaza, thumba limodzilimodzi, ndipo amene ananyowa uja anagwirana n'kukhala ngati mwala. Mmene amamaliza kuthamangira klatchi, kubereketsa kunali kutachedwa ndi masabata awiri. Inu nonse mukudziwa kuti wobereketsa amafuna patangotha masabata atatu chithirireni wokulitsa, sindikufuna kubwereza zimenezo. Chimanga chinachita chikasu m'munsi, ndipo munda umene ndinkauonetsa anthu chaka chino sindingatengereko munthu. Bamboyo sanalakwe pa mbewu, sanalakwe pa mizere, sanalakwe pa kapaliridwe. Analakwa tsiku limodzi lokha la mu Julayi, pamene sanagwade kuyang'ana pansi pa galimoto.

Ndipo mtima womwewu wogula ndi maso ndi umene ukutithamangitsira tonse ku zitseko zinayi. Aliyense akufuna double cab chifukwa ndi imene amakwera mabwana a mabungwe akabwera kudzacheza ndi makalabu. Iwo aja amanyamula anthu ndi mapepala, inu mumanyamula matumba. Bodi ya double cab ndi yotalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, pamene ya single cab, ya zitseko ziwiri ija, imapitirira mamita awiri. Mapikapu amtunduwu amanyamula katundu wokwana ngati tani imodzi, ena kucheperapo, ndipo kulemera kumeneko kumawerengera ndi anthu omwe ali m'katimo. Tani imodzi ndi matumba 20 a makilogalamu 50. Mukakhala anthu asanu akuluakulu m'kati, matumba asanu ndi awiri achokapo kale pa chiwerengerocho. Koma ine ndimaona double cab itasanjidwa matumba 30, pamwamba pake anthu a matola atakhala miyendo ili lendee, kumbuyo kutakhala pansi, mphuno ikuyang'ana kumwamba. Pa double cab katundu wambiri amagwera kumbuyo kwa matayala akumbuyo, ndiye masipuling'i amawongoka, ndipo shasi ikhoza kupindika pakati pa kabini ndi bodi. Galimoto yolemedwa chonchi ikafika pa dambo imazika msanga kuposa yopanda kanthu. Mukatero mumati galimoto za masiku ano ndi zosalimba.

Musandimve molakwa, 4x2 si galimoto yoipa. Ngati munda wanu uli pafupi ndi tala, kapena msewu wanu ndi wa gelevulo wokhala ndi ngalande zabwino, single cab ya 4x2 ndi imene ndingakulangizeni. Ndi yotsika mtengo, imamwa dizilo wocheperako, ilibe zitsulo zambiri zoti ziwonongeke, ndipo ndalama yotsalayo mukhoza kugulira pampu yothirira. Mapikapu ena a 4x2 okwezedwa aja amabwera ndi batani la diff lock, limene limamanga matayala awiri akumbuyo kuti azizungulira limodzi, ndipo ndi matayala oyenera amadutsa malo ambiri ndithu. Chimene ndikukana ndi kulipira mtengo wa maonekedwe, inu mukukhala kutsidya kwa madambo awiri, n'kumadzinamiza kuti muli ndi folo.

Palinso ena amene anagula 4x4 yeniyeni koma amatitimira chimodzimodzi, chifukwa amakumbukira kuika folo galimoto itakhala kale pansi. Folo amaika musanalowe m'matope. Ena akaika folo mu Disembala amaiwala mpaka Epulo, n'kumayenda nayo pa tala mpaka ku Mzuzu. Mapikapu ambiri folo yake si yoyendera pa tala youma, zitsulo zimakanganirana m'kati ndipo mudzalira ndi transfer case, bokosi la magiya logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Tsono kwa inu amene mukuwerengera kale ndalama za fodya ali m'mundayu. Msewu wa kwanu uyendeni wapansi nthawi ya mvula ino, osati mu Ogasiti, muone pamene pavuta kwambiri, ndipo galimoto muigulire malo amenewo. Mukafika kogula, gwadani. Pa 4x4 muona difu kutsogolo ndi mashafuti awiri olowa m'matayala akutsogolo. M'kati muyang'ane giya yachiwiri yaing'ono kapena kabatani kozungulira kolembedwa 2H (matayala awiri), 4H ndi 4L (matayala onse anayi). Ngati 4L palibe, funsani bwino, chifukwa imeneyo ndi imene imakoka pang'onopang'ono mwamphamvu pa chitunda ndi m'matope osapsereza klatchi. Muiike ndithu, muyende nayo pa dothi, nyale yake iyake pa dashibodi. Funsani za diff lock. Werengani kachitsulo kolembedwa kulemera kumene galimoto imaloledwa, muchotsepo kulemera kwa galimoto yopanda katundu, chotsalacho ndicho katundu wanu pamodzi ndi anthu.

Za mtundu, musandifunse kuti wabwino ndi uti pakati pa Hilux, Ranger ndi D-Max. Onse atatu amapangidwanso ku South Africa, Hilux ku Durban, Ranger ku Pretoria, D-Max ku Gqeberha, ndipo onse amagwira ntchito akasamalidwa. Land Cruiser 79 ndi chilombo pa msewu woipa, koma mtengo wake ndi dizilo wake si wa mlimi wa maekala khumi. Funsani makaniko wa pa boma lanu kuti masipeya amene amawapeza tsiku lomwelo ndi a galimoto iti, ndipo mupite naye kogulako, mumulipire tsiku lakelo. Matayala amene galimoto zambiri zimabwera nawo ndi a pa tala, ndiye siyani ndalama ya matayala olembedwa AT, oyenda pa tala ndi pa dothi pomwe. Injini zamakonozi sizigwirizana ndi dizilo wa m'zigubu wosakanikirana ndi madzi kapena palafini, ma injector ake, timipopi topopera dizilo mu injini, amafa msanga, choncho fyuluta ya dizilo muziisintha pa nthawi yake.

Inu amene munagula kale, musathamangire kugulitsa motaya. Ikani matayala a AT kumbuyo, muziyenda ndi khasu, fosholo, matabwa awiri ndi tenti yokwana bodi yonse. Tayala likayamba kuterereka chotsani phazi pa mafuta, tsikani, tsitsani katundu. Feteleza wa chaka chamawa, wokulitsa ndi wobereketsa yemwe, mudzatute mu Okutobala msewu ukadali wouma, mumusanje pa matabwa m'nyumba yosadontha. Ndipo amene ngolo mukadali nayo, musaigulitse.